Ulendo wa kunyanja kwatsala masiku asanu koma ndatopa kale, ndiyambire pati?

Dzulo ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Machinjiri, dzina sinditchula. Akuti iwo, bambo akunyumba ndi ana atatu akupita ku Cape Maclear pa holide ya Mother's Day, anyamuka Lachisanu m'mawa ndipo ndalama akhala akusunga kuyambira Januwale. Koma akuti atopa kale ulendo usanayambe, zochapa zadzaza mabeseni awiri, akufuna achapenso makatani ndi mabulangete, tsitsi sanaluke, diresi ikadali kwa telala, kuntchito amaweruka 5 koloko. Funso lawo nali: "Asisi, anzathu mumatani kuti mukafike kunyanja muli ndi mphamvu? Ine ndayamba kuona ngati ndingotsala."

Achemwali, musatsale chonde. Mwasunga ndalama miyezi yonseyi komanso 15 Okotobala ndi tsiku lanu inuyo amayi, sizoona kuti mukafike ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear kuja, msana ukuwawa n'kumangogona m'chipinda anzanu akusambira. Nditawerenga kalata yanu ndaona kuti mukuchita ntchito ziwiri nthawi imodzi, mukukonzekera ulendo komanso mukufuna kusiya nyumba ikuwala ngati kukubwera apongozi. Yachiwiriyo isiyeni. Makatani ndi mabulangete sakupita nawo kunyanja, ndipo ndi fumbi la Okotobala lino muzawapeza adanso mukamabwera. Chapani zokhazo zimene mukavale masiku atatu a ulendowo ndi mayunifolomu a ana oti azavale mukabwerako basi, ndi dzuwa lilipoli mukayanika m'mawa pofika masana zauma, ndiye tsiku loyamba lomwe madzi atuluke pampopi chapani, musadikire Lachinayi chifukwa tonse okhala mu Blantyre tikudziwa kuti mpopi utha kuuma tsiku lomwe ukuwufunitsitsa. Mudzaziretu migolo ndi zigubu, muzandithokoza mukabwera ndi zovala zodzadza mchenga.

Chimene ndikufuna muyambe nacho lero ndi nyumba, ndani atsale nayo. Izi anthu timaziganiza usiku womaliza kenako n'kumaimba mafoni mothamanga. Pezani wachibale kapena neba amene mumamukhulupirira, mumuuze lero, mumuonetse kumene kuli chakudya cha galu, nthawi yotsekera nkhuku ndi poyatsira getsi lapanja, chifukwa nyumba yamdima masiku atatu otsatizana imadziwika msanga kuti mulibe anthu. Anawo muwauzenso kuti asamalengeze kusukulu ndi m'makwalala, ndipo zithunzi za pa WhatsApp ndi Facebook zidikire mubwere kaye, sitatasi imaonedwa ndi anthu ambiri kuposa amene mumawaganizira.

Ndipo mayunitsi a magetsi, apa ndiimapo pang'ono chifukwa zinandionekera. Chaka china tinapita ku Mangochi masiku anayi, ndinali nditagula nkhuku zitatu ndi nyama ya mwezi wonse n'kuika mufiriji kuti tikabwera tisavutike, koma mita sindinayiyang'ane. Titabwera Lolemba madzulo ndikungotsegula chitseko cha kukhitchini fungo linatilandira, madzi ofiira atayenderera kuchoka pansi pa firiji mpaka pamkeka wa pakhomo, ntchentche zobiriwira zija zili ng'waa pawindo. Ndinakhala pansi n'kulira ndithu, inali ndalama ya ndiwo ya mwezi wathunthu, ndipo fungolo linatenga masabata awiri tikuika makala mufirijimo kuti lichoke. Ndiye inu musagule nyama sabata ino, idyani zimene zilimo zithe, onjezerani mayunitsi, mafungulo akhale ndi munthu woti atha kulowa magetsi akazima nthawi yaitali. TV, ayironi ndi ketulo muzule kukhoma potuluka.

Galimoto ndi ntchito ya bambo, apatseni yonse ndipo musawathandize. Lachiwiri ipite kwa makaniko, aone oyilo, mabuleki, madzi ndi matayala, sipeya ikhale ndi mpweya, jeki ndi sipanala zikhalemo, ma triangle, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshulansi zikhale zosatha chifukwa ma rodibuloko alipo panjira ndipo nthawi ya holide apolisi amachuluka pamsewu. Mafuta athire konkuno akangowapeza, osati zoti tikathira kutsogolo. Kuchoka ku Limbe kudzera ku Zomba ndi Liwonde kukafika pa boma la Mangochi ndi makilomita pafupifupi 190, kenako mulowera msewu wa ku Monkey Bay ndipo musanafike pa Monkey Bay penipeni mukhotera kumanzere, msewu wodutsa m'mapiri wa makilomita ngati 18 mpaka kutsikira ku Chembe. Ndi ana atatu ndi zoimaima zawo muwerengere maola asanu, ndiye mukanyamuka 5 koloko m'mawa mudutsa chigwa cha Liwonde dzuwa lisanayambe kuwotcha zenizeni, amene anadutsako masana mu Okotobala akudziwa chimene ndikunena.

Kumene mukagone imbani foni mawa mutsimikize kuti chipinda chanu chilipodi, Mother's Day anthu amakhamukira kunyanja ngati kulibe mawa ndipo malo amadzadza. Mufunsenso ngati mabedi onse ali ndi neti komanso ngati amalola kuphika nokha. Ndalama gawani pawiri, ina pa Airtel Money kapena Mpamba, ina ya m'manja ndipo ikhale yosinthasintha, mutape konkuno kapena pa boma la Mangochi. Asodzi ndi anyamata a maboti ambiri amafuna kashi, komanso mukafuna kulowa mbali ya paki ku Otter Point pamakhala kulipira pageti, pajatu dera limeneli lili mu Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 makamaka chifukwa cha tinsomba tamitundumitundu totchedwa mbuna.

Kachikwama ka mankhwala musakaiwale, ndipo pano ndikulankhula ngati mayi mnzanu. Kunyanja udzudzu ndi wambiri kuposa kuno kumapiri, tengani mafuta opaka othamangitsa udzudzu, malaya a manja aatali a madzulo, neti imodzi yapadera, Panado, Thanzi ORS ndi mapulasitala. Mwana akatentha thupi muli konko kapena patatha sabata imodzi kapena ziwiri mutabwerako, thamangani mukamuyezetse malungo, osangomupatsa Panado n'kumadikira. Kuli nkhani ya likodzo imene anthu sakonda kuyikamba: tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka malo a mabango ndi pafupi ndi pamene anthu amachapira, timalowa pakhungu munthu osamva kanthu. Sindikukuopsezani kuti musasambire ayi, sambirani, koma pakatha masabata 6 mpaka 8 mutabwerako mupite kuchipatala nonse mukawauze kuti munali m'nyanja. Mankhwala ake ndi praziquantel, amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa munthu, ndipo kumwa mutangobwera sikuthandiza kwenikweni chifukwa sapha tizilombo tikadali tating'ono. Lembani deti lake pakalendala musananyamuke chifukwa mukabwera muzaiwala.

Zakudya musanyamule golosale yonse. Mpunga, mafuta ophikira, shuga, masamba a tiyi, mchere, buledi, madzi akumwa ambiri ndi cooler box ya ayisi, zakwana. Tomato ndi anyezi mugula panjira, ndipo nsomba simungachoke nayo ku Limbe kupita nayo kunyanja, chambo, kampango ndi usipa muzikagula m'mawa mabwato akamakocheza. Zimene mwanyamulazo muzikatsekera m'chipinda, anyani ndi apusi a kumeneko amalanda buledi m'manja mwa mwana masanasana.

Zovala za ana, aliyense mumupatse chikwama chake alongedze yekha inu muzangoyendera. Wamkuluyo mwati ali Fomu 2, ameneyo atha kusita zake ndi za azing'ono ake bwinobwino. Makabudula osambirira pitani pa kaunjika ku Limbe Lachitatu, simutha ola limodzi. Zitenje tengani zitatu kapena zinayi, chitenje kunyanja ndi thaulo, ndi mkeka, ndi mthunzi wa mwana, komanso mukamalowa m'mudzi kapena mumsika pa Mangochi mumangirire, anthu akumeneko ambiri ndi Asilamu ndipo ngakhale amene sali, zovala zosambirira pakati pa mudzi sizipatsa ulemu. Diresi ya kwa telala ija, muimbireni lero mumuuze kuti mukuifuna Lachitatu, ikapanda kutha pitani choncho, kumchenga simukaivala n'komwe. Tsitsi lukani Lachitatu lomwelo mukaweruka, zoluka zosavuta zoti zitha maola awiri kapena atatu komanso zouma msanga zikanyowa, osati zija zokhala pasaluni mpaka pakati pausiku khosi litauma.

Chimodzi chomaliza chimene ndikupempha, mukakwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna ndi nkhwazi zikutola nsomba pamadzi, aliyense avale life jacket, woyendetsa akati alibe musakwere, pezani boti lina. Ndipo pagombe muzisinthana ndi bambo, wina akamapuma wina maso ali pa ana, mwana wamng'ono amamira mwakachetechete m'madzi ofika m'chiuno anthu ali pompo akucheza.

Lachinayi madzulo pasakhalenso chochapa kapena chosita. Zikwama zilowe m'galimoto kusanade, mafoni ndi power bank zikhale pa chaji, phikani chakudya chosavuta chosadetsa mapoto ambiri, tayani zinyalala zonse za kukhitchini, perekani mafungulo kwa wotsala uja ndipo pofika 9 koloko mukhale muli pabedi. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna kumva mmene wamng'onoyo azachitire akazaona mbuna zikumuzungulira miyendo koyamba.