Voisi ya kwa azakhali pa nkhani ya fayilo yosowa ija

Azakhali mwaswera bwanji, pepani ndachedwa kuyankha, uthenga wanu ndinauona mmawa koma ndinati izi sizoyankha uli pa liwiro, nde ndingojambula voisi, kutaipa nditha tsiku lonse. Kwa ena mugulupu muno amene simunatsatire, azakhali amafunsa za mwana wa anzawo, wazaka 9, anagwiriridwa, nkhani inakafika kupolisi koma pano miyezi inayi yatha bambo amene anamugwirira uja akungoyendayenda, mayi a mwana akapitako lero akuti fayilo sikuoneka, sabata yamawa akuti wofufuza anasamutsidwa, nde funso nloti kodi apolisiwo angayankhe mlandu kapena tingosiyira Mulungu. Chonde dzina la mwanayo asalitchule aliyense muno, ngakhale chithunzi ayi.

Angayankhe azakhali, koma osati chifukwa choti mayiwo akalira pa kauntala kapena akatukwana. Pamenepo amangokuyang'anani, mukatuluka nkhani yathera pakhomo. Chimene amaopa anthu a mmaofesi ndi pepala lokhala ndi deti. Muwauze anzanuwo agule kope lero lomwe, akhale pansi akumbukire zonse kuyambira tsiku loyamba, anafika kupolisi tsiku lanji nthawi yanji, anawalandira ndani, dzina ndi udindo wake, anawauza chiyani, sitetimenti inalembedwa kapena ayi, anasainira kapena ayi, nambala ya mlandu anapatsidwa? Ngati sanapatsidwe akaifunse. Mameseji a pafoni asafufute, ajambule ma sikirinishoti. Ndipo lipoti la kuchipatala lija, eee, asapereke lenilenilo popanda kusunga fotokope, zinthu zimenezi zikalowa mu fayilo yomwe "ikusowa" nazonso zimasowa limodzi.

Za kuchipatalazi ndiime pang'ono. Mwana akagwiriridwa amayenera kuonedwa ndi dokotala msanga, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV aja, PEP, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, komanso zizindikiro za pathupi zimazimirira masiku akamapita. Nde muwafunse, kodi tsiku lomwe anakanena apolisi anawatumiza kuchipatala kapena anati bwerani Lolemba? Ngati anawachedwetsa, chimenecho chikhale pamwamba penipeni pa dandaulo, nkulakwa koonekeratu kosafuna mtsutso. Ndipo kaya zinayenda bwanji nthawi imeneyo, mwanayo akayezedwenso pano, apezenso munthu wodziwa kuyankhula ndi ana.

Tsopano apa mpomwe ambiri timasokoneza. Milandu ilipo iwiri. Wina ndi wa bambo uja, wina ndi wa amene anaigwira nkhani mosasamala, ndipo woyambawo sunafe chifukwa fayilo yasowa, ayi, sitetimenti zimatha kulembedwanso, chipatala chimasunga zolemba zake, mlandu utha kupatsidwa kwa wofufuza wina. Ndiye kalata yoyamba ipite kwa mkulu wa polisiyo, yaifupi, madeti okhaokha ndi pempho loti mlandu upatsidwe munthu wina ndipo ayankhe molemba. Apite ndi makalata awiri ofanana, imodzi idindidwe sitampa abwere nayo kunyumba. Akapanda kuyankha, kalata yomweyo ikwere kwa akuluakulu awo, ipitenso kunja kwa polisi, chifukwa munthu sangadzifufuze yekha, mmaiko ambiri kuli ofesi yolandira madandaulo okhudza apolisi, kuli Ombudsman, kuli bungwe loona za ufulu wa anthu, kulinso ofesi yoimira boma pa milandu yomwe imatha kuitanitsa fayilo. A zachisamaliro cha ana nawonso adziwe, makamaka ngati bamboyo akukhala pafupi ndi mwanayo.

Mwina mukuti aaa mwana iwe, zimenezo zimatheka? Ndikupatseni chitsanzo cha ku America komwe timati zinthu zimayenda. Kunali dokotala wa atsikana a masewera a jimunasitiki, Larry Nassar, amene ankagwirira atsikanawo. Nkhani yake inakanenedwa ku FBI, bungwe la boma lofufuza milandu, mumzinda wa Indianapolis mu July 2015, koma anangoikhalira kupitirira chaka, bamboyo akupitiriza kuona ana. Mtsikana mmodzi, McKayla Maroney, anawafotokozera zonse pafoni akulira, wofufuzayo lipoti la zomwe anamva anadzalemba patatha miyezi 17, ndipo munali zabodza. Mu July 2021 ofesi yoyang'anira ntchito za unduna wa zachilungamo kumeneko inatulutsa lipoti loti pa nthawi yomwe FBI inagona ija atsikana ena pafupifupi 70 anachitidwa zomwezo. Mukuona chinawagwira? Madeti. Anauzidwa liti, anachitapo kanthu liti, pakatipo panavulala angati. Mu September chaka chomwecho Simone Biles, mmodzi mwa atsikana ochitiridwa nkhanzawo, ndi anzake anakayankhula ku Senate, nyumba ya malamulo ya kumeneko, mkulu wa FBI panthawiyo Christopher Wray anapepesa pagulu, wofufuza mmodzi anachotsedwa ntchito, ndipo mu 2024 boma linavomera kulipira madola 138.7 miliyoni kwa odandaula 139.

Koma ndisakunamizeni, ofufuza awo palibe anazengedwa mlandu kukhoti, ndipo kuchoka 2015 kufika 2024 ndi zaka 9, msinkhu wa mwana tikukambayu. Ine zimenezo zimandinyansa mpaka pano. Nde anzanuwo adziwiretu kuti mwina chomwe angapeze nkuti mlandu watsegulidwanso, wapolisi uja walangidwa kuntchito, mwina chipukuta misozi ngati loya ataona kuti boma lingasumiridwe, koma zoti wina alowa mndende chifukwa chotaya fayilo sizichitika kawirikawiri, pokhapokha patapezeka umboni woti analandira ndalama, apo ndiye ndi katangale, nkhani ina. Ngati akungoganizira chabe asalembe kuti "anadya ndalama", alembe zimene anaona ndi kumva, zokwanira kale.

Mukalatamo atha kutchulanso pangano la UN la ufulu wa ana la 1989, ndime 19 imati boma liteteze mwana ku nkhanza zamtundu uliwonse kuphatikizapo kugwiriridwa, ndipo imatchula kufufuza ndi kutsatira nkhani. Pafupifupi maiko onse analivomereza. Si chifundo chomwe akupempha, ndi ntchito yawo.

China chimene chikundidetsa nkhawa ndi mwanayo. Akuluakulu tikapsa mtima timamuitana pabalaza, fotokozera malume, fotokozera abusa, fotokozanso. Ayi chonde. Nthawi iliyonse akufotokoza akubwerera mchipinda muja, komanso mawu akasiyana pang'ono loya wa mbali inayo adzati anachita kumuphunzitsa. Asamuyendetse mmaofesi onsewo, mayi ake apite ndi munthu wamkulu wina wokhala mboni. Za pa Facebook adikire kaye, ndikudziwa kuti nthawi zina phokoso limadzutsa ogona, koma ukatchula mayi watchula mwana, ndipo zimakhala pamenepo mpaka kukula kwake. Ndipo a kwa bambo uja akabwera ndi zoti tikambirane mwakachetechete, nazonso zilowe mkope muja, tsiku ndi amene anabwera.

Voisi yatalika, batire likutha. Mawa madzulo ndikuimbirani, muwaitane anzanuwo akhale pafupi ndi kope lawolo ndi mapepala onse a kuchipatala, kalata yoyambayo tilembere limodzi pafoni.