Volovolo ya apongozi: musanaitanitse zitsulo, werengani nambala ya pa mfutiyo

Funso lachokera kwa bambo wina wa kwathu amene amakhala ku Leicester, ku England. Apongozi awo aamuna anamwalira, ndipo pokonza m'nyumba anapeza volovolo yakale yolembedwa kuti Webley, British Bull Dog, .442. Sipuling'i yake inathyoka, silinda (chitsulo chozungulira cholowa zipolopolo) inadyedwa ndi dzimbiri. Mayi a kunyumba akufuna ikonzedwe kuti ikhale chikumbutso cha bambo awo. Bambowa apeza ogulitsa zitsulo pa intaneti, wina ku Belgium wina ku America, ndipo anamva kuti mfuti zakale sizifuna chiphaso. Akufunsa ngati angaitanitse.

Bambo, pepani ndi zovuta zinakugweraniyo. Koma musaitanitse kanthu, ngakhale kasikuluwu. Vuto lanu lalikulu si zitsulo ayi, ndi mfuti imene ili m'nyumbamo.

Zimene munamvazo zinali zoona kale. Gawo 58(2) la Firearms Act 1968 limalola munthu kusunga mfuti yamakedzana popanda chiphaso ngati akuisunga monga chokongoletsa kapena chinthu chochititsa chidwi basi. Kwa zaka zambiri lamulolo silinkafotokoza kuti yamakedzana ndi iti, ndipo apolisi ankatsatira mndandanda wa Home Office (unduna wa za m'dziko wa ku Britain) wa zipolopolo zimene zinasiya kupangidwa. Zigawenga zinaona mpata. Paul Edmunds, wogulitsa mfuti wa ku Gloucestershire, ankabweretsa mfuti zakale n'kumapanga yekha zipolopolo zake, ndipo katundu wakeyo ankathera m'manja mwa magulu achiwembu. Khoti la ku Birmingham linamupatsa zaka 30 mu 2017. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo inakhazikitsa Policing and Crime Act 2017, ndipo kuyambira pa 22 Marichi 2021 pali muyeso wolembedwa. Mfuti iyenera kukhala yopangidwa lisanafike tsiku la 1 Seputembala 1939, komanso ikhale ya zipolopolo zimene zili pa mndandanda wa boma kapena yoyatsira mwa njira zakale zimene malamulowo anatchula.

Ya apongozi anuyo pa zaka yapambana bwinobwino, chifukwa Webley anayamba kupanga Bull Dog ku Birmingham m'ma 1870. Pagona nkhani ndi pa .442. Mu 2021 boma linachotsa mitundu 7 ya zipolopolo pa mndandandawo: .320 British, .41 Colt, .44 Smith & Wesson Russian, .442 Revolver, 9.4mm ya ku Holland, 10.6mm ya ku Germany ndi 11mm ya asilikali a ku France ya 1873. Choncho ngati nambala mwawerengayo ndi yolondola, volovoloyo lamulo siliionanso ngati yamakedzana. Ndi mfuti ya m'manja ngati ina iliyonse, ndipo chiyambire kuphedwa kwa ana asukulu ku Dunblane mu 1996, mfuti ya paipi yosakwana masentimita 30, kapena yosakwana masentimita 60 yonse, ndi yoletsedwa pansi pa gawo 5 la Firearms Act 1968. Munthu wa zaka 18 kapena kuposa akapezeka nayo, chilango chimayambira pa zaka 5 kundende mpaka 10, ndipo woweruza sangatsike pansi pa zisanuzo pokhapokha patakhala zifukwa zapadera zedi.

Mwina mukuti, nanga si ine sindimadziwa? Mawu amenewa pa mlandu uwu sapulumutsa munthu. Mu 1977, pa mlandu wa Howells, khoti la apilo linagamula kuti kukhulupirira ndi mtima wonse kuti mfuti yako ndi yamakedzana si chodzitetezera ngati siili choncho. Zoti ndi yothyoka musadalirenso. Sipuling'i ndi kanthu kosavuta kubwezeretsa, ndipo thupi la mfutiyo palokha lamulo limaliwerengera.

Apa ndiye pafika funso lanu la zitsulo, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa anthu ambiri amasokoneza. Lamulo siliona zitsulo zonse mofanana. Gawo 57 limatchula zigawo zimene limaziwerenga ngati mfuti yathunthu: paipi, chipinda cholowa chipolopolo kapena silinda, thupi la mfuti, ndi chitsulo chotseka kumbuyo chimene chimagwira mphamvu ya kuphulika. Sipuling'i, masikuluwu ndi matabwa a pa chogwirira mulibe m'gulu limeneli. Silinda mukufunayo ilimo. Kuitanitsa silinda ya volovolo yoletsedwa kuchokera kunja popanda chilolezo cholowetsera ndi mlandu wina pamwamba pa woyambawo, ndipo phukusi likagwidwa ndi a Border Force, adilesi yolembedwa pamwamba pake ndi yanu. Wogulitsa wa ku America sakunamizani akamati kwawo n'zololedwa, popeza lamulo la boma lawo lalikulu limatenga mfuti yopangidwa mu 1898 kapena m'mbuyo mwake ngati yamakedzana. Koma lamulo limenelo limathera pa doko lawo.

Ngakhale mfutiyo ikanakhala yoti idakali pa mndandanda, nkhani ya silinda ikanafunabe kusamala. Lamulo limati chipinda cha chipolopolo chikhale chomwe mfutiyo inapangidwa nacho, kapena cholowa m'malo chofanana nacho pa zonse zofunika. Mukaika silinda yolandira zipolopolo zamakono, mwaichotsa nokha mfutiyo pa chitetezo chija. Ndiponso, kunena mongodutsa, ma Bull Dog ambiri ali pamsikawa ndi otengera, opangidwa m'mashopu ang'onoang'ono a ku Liège ku Belgium, ndipo zitsulo zake ankazisema ndi manja kuti zikwane mfuti imodziimodzi. Mukanataya ndalama pa chitsulo chosalowa n'komwe.

Tsono chochita. Choyamba fufuzani m'mapepala a malemuwo. Amene anali kale ndi mfuti za mitundu inachotsedwayo anapatsidwa mpaka pa 21 Seputembala 2021 kuti apemphe chiphaso, agulitse kapena apereke kupolisi. Mwina apongozi anu anapempha. Chiphasocho chikapezeka chithandiza kusonyeza mbiri ya mfutiyo, koma ndi cha mwini dzina, sichilowa m'chuma chamasiye. Inu kapena mayi simungachigwiritse ntchito.

Mfutiyo musaiyese, musaitsegule, musainyamule. Kulowa nayo pa polisi ili m'chikwama ndi nzeru yoipa, chifukwa kuyenda ndi mfuti pagulu ndi nkhani inanso, ndipo simukudziwa ngati mulibe chipolopolo chakale m'kati. Itsekereni pamalo poti ana sangafike. Imbani 101, nambala ya apolisi ya nkhani zosakhala zadzidzidzi, mupemphe ofesi yoona za ziphaso za mfuti ya apolisi a m'dera lanu, munene kuti mwapeza mfuti m'katundu wa malemu ndipo mukufuna adzaitenge. Lembani tsiku, nthawi ndi nambala imene akupatseni. Musazengereze. Munthu amene wapeza lero n'kunena mawa amaoneka mosiyana kwambiri ndi amene wasunga miyezi akufufuza zitsulo pa intaneti, ndipo poti inu papita kale nthawi, ndikadakonda muyambe mwalankhula ndi loya wa milandu ya upandu wa komweko, lero lomwe ngati n'kotheka, kuti akuthandizeni kufotokoza za kuchedwako. Apolisi akafuna kukufunsani mwalamulo, muli ndi ufulu wokhala ndi loya waulere pa polisipo. Musayankhe nokha poganiza kuti mulibe chobisa.

Kupereka mfuti kupolisi sikutanthauza kuti chikumbutso chatha. Nenani poyambirira, komanso molemba kalata, kuti banja silikufuna iwonongedwe ndipo likupempha ipite kwa wogulitsa mfuti wolembetsedwa amene ali ndi chilolezo cha gawo 5. Iyeyo angaigule, ndalama n'kulowa m'chuma chamasiye, kapena angaiphe kuti isadzawomberenso, n'kuitumiza ku nyumba yoyesera mfuti ya ku Birmingham kapena ya ku London kuti aidinde chizindikiro ndi kupereka satifiketi. Yophedwa motero mungaisunge kunyumba popanda chiphaso cha mfuti, kungoti mufunse wogulitsayo za kudziwitsa Home Office. Pali njira yachitatu, ya gawo 7 la lamulo lina la mfuti, Firearms (Amendment) Act 1997, yolola mfuti za m'manja za mbiri yakale kusungidwa ndi chiphaso, makamaka zopangidwa chisanafike chaka cha 1919. Imeneyi inakonzedwera osonkhanitsa mfuti zakale enieni, ndipo kwa banja la mfuti imodzi sindikuona kuti ingayende mosavuta.

Kwa mayi, ine ndingasankhe yoipha. Dzina la Webley ndi matabwa amene bambo awo ankagwira zikhalapobe, ndipo wogulitsa yemweyo akhoza kuchotsa dzimbiri la kunja. Mufunseni mtengo wa ntchitoyo ndi wa satifiketi musanavomere, chifukwa nthawi zina umaposa mtengo wa mfuti yeniyeniyo.