Masewera a VR kwa wovulala msana: musathamangire magalasi

Funso: Mchimwene wanga anavulala mtsempha wa m'fupa la msana pangozi. Miyendo imagwira pang'ono, koma akaima amadzandira. Tamva za masewera a pakompyuta otchedwa VR, omwe munthu amamva ngati ali m'kati mwa masewerawo. Kodi angamuthandize? — Mlongo wake

Yankho: Angamuthandize, mayi, ngakhale salumikiza mtsempha wovulalawo. Ntchito yawo ndi kumuchititsa kupendekeka, kufikira zinthu ndi kusuntha kulemera kwa thupi mobwerezabwereza, iye ali ndi chidwi pa kupambana masewerawo.

Alipo a mitundu iwiri. Ena amaonekera pa TV, monga Wii Fit ya Nintendo, pomwe munthu amaponda kapena kukhalira kathabwa koyeza mbali imene akulemera. Ena ndi magalasi ophimba maso onse, monga Meta Quest. Ife tikuti ayambe ndi a pa TV. Wovulala msana nthawi zambiri samva bwino pamene mapazi ake aponda, ndiye amadalira maso kuti asagwe. Magalasi akamubisira pansi, mwamuchotsera ndodo imene amadalira. Komanso maso akamaona kuti akuyenda pomwe mkati mwa khutu, momwe mumathandiza munthu kuti asadzandire, simukumva kuyenda kulikonse, amachita chizungulire ndi mseru.

Dokotala wa fiziyo amuyeze kaye, mwina ndi Berg Balance Scale, yomwe ili ndi mayeso 14 oona mmene munthu amakhalira ndi kuimira osadzandira, ndipo malikisi ake amafika 56, kuti mudzathe kuona kusintha. Ayambe atakhala, mabuleki a wilitcheya atatseka, kwa mphindi 10. Akazolowera afike mphindi 20 mpaka 30, katatu pa sabata. Poimirira pakhale zitsulo zogwirira, ndi munthu pambali atagwira lamba wa m'chiuno mwake.

Masewera akakoma munthu amaiwala kudzisuntha, choncho mphindi 15 mpaka 30 zilizonse adzinyamule pampando kuopa zilonda za kumatako.

Ngati anavulala pa T6 (fupa la msana loyang'anana ndi pakati pa chifuwa) kapena pamwamba pake, chonde samalani kwambiri. Mutu ukayamba kuwawa mogunda, nkhope n'kufiira, thukuta n'kutuluka kumtunda kwa povulalapo, ndiye kuti BP yakwera moopsa. Siyani masewera, mukhazikeni tsonga miyendo ili pansi, masulani zovala zothina, onani ngati chubu cha mkodzo chapindika kapena chatseka. Zikapanda kusiya, kuchipatala msanga.