Funsani Amalume a Sipanala: Ndagula WRX, ndiyambire pati?

FUNSO

Amalume, tsamba lanu ndimawerenga kuyambira kale koma lero ndine ndili pamoto. Mwezi wathawu ndalandila Subaru Impreza WRX ya 2005, ya manual, yochokera ku Japan, inatsikira ku Dar es Salaam ndiye dalaivala anabwera nayo kudzera pa Nakonde mpaka pano. Pa dashi ikuonetsa 96,000 km. Motoka imakoka amalume, ndikaponda pa Great East Road usiku msana umamatirira kumpando. Nditalipira za ZRA ndi za RTSA ndatsala ndi K30,000, manje anzanga a ku Kabwata akuti ndigule ka valve kaja kolira kuti pssh posintha giya, ekzozi yaikulu ndi filita ya cone, wina akuti akudziwa munthu wokweza boost (mphamvu imene turbo imakankhira mpweya mu injini) pa mtengo wabwino. Koma madamu akuti Disembala tikupita nayo ku Chipata kwa amayi ndipo iwo sakufuna kukagona pa Luangwa Bridge ndi mwana. Ndiyambire pati kuti isandichititse manyazi?

Wa WRX, Chilenje

YANKHO

Mphwanga, choyamba upereke moni kwa apongozi angawo, chifukwa pagulu lonse lomwe lakupatsa malangizo iwo okha ndi amene ayankhula ngati makaniko.

Tiyambe ndi 96,000 yako ija. Ine nambala ya pa dashi ya galimoto ya zaka zimenezi ndimaimva ngati zaka zimene mkazi amatchula pa kitchen party, ndimangogwedeza mutu. Mwina ndi yoona, mwina ayi. Ona auction sheet, chipepala cha ku okushoni ya ku Japan cholembapo makilomita ndi mmene galimoto inalili, ngati anakupatsa, ona mphira wa pa kilachi ndi chiwongolero mmene zatheramo. Koma ngakhale itakhala yoona, galimotoyo ndi ya 2005, mphira umakalamba ngakhale galimoto ili chiimire, ndipo Subaru ya mtundu umenewu munthu sagula kuti azipita nayo ku tchalitchi basi. Mwini wake woyamba anaimenya, usadzinamize.

Ndiye usanagule kalikonse pita kwa makaniko amene amadziwa Subaru, osati aliyense wokhala ndi ovolosi pansi pa mtengo, akakuchitire compression test, kuyeza mmene silinda ikupanikizira mpweya, pa masilinda onse anayi injini ili yotentha. Chofunika si nambala yaikulu ayi, koma kuti anayiwo afanane. Imodzi ikatsalira kwambiri kumbuyo, muuze achite leak-down kuti mudziwe ngati mpweya ukuthawira ku mavavu kapena ku ma ring a pisitoni. Ikapezeka yodwala mkati, K30,000 yakoyo yapeza kale ntchito ndipo nkhani ya pssh yathera pomwepo. Poti mapulagi akhala atatuluka kale, ikani atsopano a NGK a nambala yake, injini imeneyi ndi boxer, masilinda anagona cham'mbali, kufika pa mapulagi n'kovuta moti simungafune kubwerezanso sabata yamawa.

Kenako timing belt. Apa ndiye ndikhalitsa chifukwa ndi pamene anyamata ambiri amalirira. Injini yako ndi EJ20 ya turbo, ili ndi ma camshaft anayi oyendetsedwa ndi lamba mmodzi wautali, ndipo ndi mtundu uja woti lamba akaduka mapisitoni amakumana ndi mavavu. Siima chabe ngati Corolla yakale kuti umange lamba wina upitirize ulendo, imapinda mavavu, mitu yonse iwiri ya injini itsike. Ku Japan lambayu amasinthidwa pa 100,000 km ndipo nthawi zambiri amamata kasitika pa kava ya kutsogolo kolemba tsiku ndi makilomita. Kasaka. Ukapanda kukapeza, tenga kuti sanasinthe. Ukakapeza koma ndi ka zaka khumi zapitazo, sinthabe. Ndipo usagule lamba yekha. Kawirikawiri chimene chimapha injinizi si lamba weniweniyo, ndi ka bearing ka idler, kagudumu kotsogolera lamba, kamene kamauma n'kugwira, lamba n'kudumpha mano. Ndiye gula kiti yonse, lamba, tensioner, ma idler onse, water pump, thermostat, ndi masilo a cam ndi crank ngati akunyowa oyilo. Ya Subaru yeniyeni kapena ya Aisin. M'mashopu a sipeya mu town muli mabokosi okongola kwambiri olembedwa Japan omwe Japan sanaionepo, ukaona mtengo wotsika modabwitsa bweza. Ndinaonapo mnyamata wina anasunga ndalama pang'ono pa tensioner, patapita miyezi itatu anabwera pa breakdown kuchokera ku Kafue, nkhope ngati wachokera kumaliro.

Oyilo. Turbo imazungulira kupitirira maulendo 100,000 pa mphindi imodzi itayandama pa kaoyilo kopyapyala, ndiye oyilo wa mu dramu wothira ndi chigubu cha Fanta ameneyo ayi. Fully synthetic, buku limati 5W-30, ine ndi kutentha kwathu kwa Okutobala komanso injini yokalamba ndimathira 5W-40. Imalowa pafupifupi malita 4.5. Sintha pa 5,000 km iliyonse pamodzi ndi filita, usamvere zolembedwa pa chigubu zoti 15,000, amene analemba zimenezo sanaimepo pa jamu ya Lumumba Road 17 koloko fumbi lili tolo. Ndipo uzolowere kukoka dipstick nthawi iliyonse ukathira petulo, ma EJ amamwa oyilo mwakachetechete ndipo akatsika bearing ya conrod imagogoda, ikagogoda basi yapita. Pali kanthu kenanso kamene amakaniko ambiri sakadziwa: pa mainjini ambiri a Subaru a turbo a zaka zimenezo, mu bauti ya banjo ya paipi yopereka oyilo muli kasefa kakang'ono ngati njere ya chimanga. Kakatsekeka ndi litsiro turbo imafa ndi ludzu oyilo ali full mu sampu. Muuze akatsegule aone.

Madzi. Rediyeta ya galimotoyi pamwamba pake ndi pulasitiki, ikakalamba imasanduka yabulauni kenako imang'ambika mosachenjeza, makamaka pokwera phiri. Ngati yako yasintha mtundu, pamenepa ndi pamene ndingakulole kugula chinthu chonyezimira, rediyeta ya aluminiyamu yonse, ya Koyo ngati waipeza, ndi mapaipi atsopano ndi zivindikiro zake. Chonde chonde, madzi a pa borehole asalowemo. Lusaka yakhala pamwamba pa mwala wa laimu, ona mkati mwa ketulo ya kunyumba kwanu mmene mwayerera, zomwezo ndi zimene zimachitika mu rediyeta ndi mu injini. Coolant weniweni wosakaniza ndi distilled water basi.

Manje tifike pa mnzako wokweza boost uja. Galimotoyi inapangidwira petulo wa ku Japan amene amati high octane, wa 98 mpaka 100. Wa pa pampu kwathu kuno safika pamenepo. Petulo wa octane yotsika akapanikizidwa kwambiri mu silinda yotentha amaphulika yekha nthawi isanakwane, ndi chimene amakaniko amati knock, nthawi zina umamva ngati timiyala m'chitini ukaponda pa giya yaikulu, nthawi zina sumva kanthu. Kompyuta ya galimoto ili ndi knock sensor, imabweza timing kuti iteteze injini, koma ili ndi malire ake. Ukawonjezera boost pamwamba pa zimenezo, kamphepete ka pisitoni pakati pa ma ring kamathyoka, ndiwo matenda odziwika a ma Subaru a turbo. Wina akuuza kuti Lusaka ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,300, mpweya ndi wopepuka ndiye knock kulibe. Zimenezo zimathandiza galimoto yopanda turbo. Ya turbo imangozungulira kwambiri kuti ikwanitse boost yomweyo, ndipo mpweya umatuluka wotentha kuposa. Komanso ulendo wa ku Chipata umakutsitsira m'chigwa cha Luangwa kotentha ngati mu uvuni kenako ukwere mapiri uli ndi katundu ndi anthu, intercooler yako, yoziziritsa mpweya wochokera ku turbo, ili pamwamba pa injini yangomwa kutentha pamene munaima kugula nsomba pa mlatho. Ndiye ngati ukufuna kugwira kompyuta, peza munthu amene amalemba map (malangizo a mu kompyuta oyendetsera mafuta, timing ndi boost) poyang'ana ma log a knock ndi mafuta galimoto ikuyenda, umuuze kuti aikonzere petulo wathu, osati kuti aionjezere mphamvu. Inachoka ku fakitale ndi 250 PS, pa misewu yathu ya mahampu ndi makamera a liwiro iwe ukufuna ina ya chani? Ngati munthu woteroyo sunamupeze, siya kompyuta mmene ilili, thira mafuta pa filling station yodalirika yomwe imagulitsa kwambiri, sintha fuel filter, ndipo usamaponde mpaka pansi uli pa giya 5 rev ili pansi, tsitsa giya kaye.

Ka pssh kaja. Galimoto yako imayeza mpweya ndi MAF sensor isanafike pa turbo, ndipo valve ya fakitale imabwezera mpweyawo mkati. Ka anzakowo kamautaya panja, kompyuta siidziwa, imathirabe mafuta a mpweya umene wathawa, ndiye imatsamwa posintha giya, nthawi zina kuzima pa roboti, mapulagi kuda. Ukulipira kuti galimoto iziyenda moipa koma izilira bwino. Filita ya cone ndiye yoipitsitsa kwa ife, imayamwa mpweya wotentha wa mu boneti, ya oyilo ija imadetsa MAF, ndipo fumbi la Ogasiti mpaka mvula yoyamba limadutsa n'kukapala mapiko a turbo. Bokosi la fakitale ndi filita ya pepala, uziisintha pafupipafupi. Ekzozi ya kumbuyo kokha siipha injini, imangodanitsa ndi aneba, imeneyo udzaona wekha chaka chamawa. Koma downpipe, paipi ya ekzozi yochokera pa turbo penipeni, osagwira popanda map.

Zotsala ndingothamanga nazo. Oyilo wa giya bokosi ndi difu yakumbuyo, 75W-90 GL-5. Giya bokosi ya 5 speed imeneyi siikonda zodumphitsa kilachi pa roboti. Brake fluid DOT 4 watsopano, mapadi abwino. Timapaipi tating'ono ta vacuum ndi paipi yaikulu yolowa mu turbo, zikauma zimang'aluka, zisinthe. Ikatsala ndalama, sump guard yachitsulo pansi chifukwa cha maenje ndi mahampu, ndi mageji awiri, ya oil pressure ndi ya boost. Ukawerengera zonsezi uona kuti K30,000 yapita ndipo galimoto kunja ikuoneka chimodzimodzi ngati tsiku lomwe inafika, anzako a ku Kabwata akhumudwa, apirira. Zonse zithe pofika pakati pa Novembala kuti uyende nayo masabata angapo mu town ndi ka ulendo kamodzi ka ku Chongwe, chodontha chidonthere pafupi ndi kwanu.

FUNSO

Amalume, amuna anga ali ku ntchito ku Solwezi anandisiyira Legacy B4 ya turbo. Tayala limodzi lakutsogolo laphulika pa dzenje ku Kanyama, mnyamata wa matayala akuti ndigule limodzi latsopano basi enawo akadali bwino. Ndimvere?

Mayi wa awiri, Matero

YANKHO

Mayi, musamvere msanga. Galimoto yanuyo imakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse, ndiye tayala limodzi likakhala lalikulu kuposa anzake, ngakhale ndi kusiyana kwa latsopano ndi lakutha, limazungulira mosiyana ndipo difu ya pakati imagwira ntchito osapuma mpaka kutentha. Mtengo wokonza pamenepo umaposa wa matayala anayi. Muuzeni ayeze mano a atatu otsalawo. Ngati akadali pafupi ndi atsopano, gulani limodzi la kampani yomweyo, saizi yomweyo, mtundu womwewo. Ngati adyeka kufika theka, imbirani bambo atumize ya anayi. Ndipo poti dzenjelo linali lotha kuphulitsa tayala, aonenso limu ngati sinapindike ndi alignment. Kanyama mvula ikayamba musamalowe nayo m'madzi osaoneka pansi, ndi yotsika, injini ikamwa madzi ndi nkhani ina.

FUNSO

Amalume ndi zoona kuti galimoto ya turbo uyenera kuisiya ikulira 5 minitsi usanazimitse? Landilodi akudandaula phokoso usiku. Ndigule turbo timer, kachipangizo kosiya injini ikulira kwa kanthawi ukachotsa kiyi?

Mnyamata wa ku Kalingalinga

YANKHO

Sunanene galimoto yake mphwanga, koma ngati ndi Subaru ngati ya mnzako wa ku Chilenje, turbo yake imazizira ndi madzi komanso oyilo, ndipo anaipanga moti madzi amapitiriza kuyenda okha kudutsa mu turbo ngakhale wazimitsa, n'chifukwa pali kathanki kena ka madzi pamwamba pa injini. Chimene chimawotcha oyilo mu turbo ndi kuzimitsa utangochoka kuithamangitsa kapena kukwera phiri lalitali ngati Munali Hills, pamenepo inde ipatse miniti imodzi kapena ziwiri. Koma pobwera kunyumba ingoyenda mofatsa makilomita awiri omaliza osalowa mu boost, ndipo ndi mahampu a ku Kalingalinga sindikuona mmene ungachitire mwina. Ukafika zimitsa, landilodi agone. Kumene uyenera kudekha ndi m'mawa, iyambitse, dikira masekondi makumi atatu, nyamuka pang'onopang'ono ndipo usaponde mpaka patadutsa mphindi khumi, chifukwa singano ya madzi imafika pakati msanga oyilo akadali wozizira. Ndalama ya timer ugulire oyilo.