Funsani Akatswiri: Kusaka bakiteriya mmodzi pakati pa mamiliyoni

Funso: Zikomo akatswiri. Ndikuphunzira za labotale kuno ku Blantyre. Tapatsidwa ntchito yopatula bakiteriya wa E. coli wosinthika chibadwa: wina wosamva mankhwala a rifampicin, wina wolephera kudzipangira histidine (amino acid, chimodzi mwa zomangira mapuloteni). Woyambayo ndamupeza, koma pa wachiwiriyu mbale zanga zikungodzaza. Ndikulakwitsa pati? Wophunzira, Chitawira.

Yankho: Ntchito ziwirizi n'zosiyana. Wosamva mankhwala amadziulula yekha. Mumathira rifampicin mu agar (chakudya chonga jeli chomeretsera mabakiteriya m'mbale) itazizira kufika pa madigiri 50, n'kukuta mbale chifukwa mankhwalawa amawonongeka ndi kuwala. Mukapakapo mililita 0.1 ya mabakiteriya omwe akula usiku wonse, onse amafa kupatula ochepa, pafupifupi mmodzi pa 100 miliyoni, amene rpoB wawo (jini yopanga puloteni imene rifampicin amaigwira) anasintha kale. Mabakiteriya a TB nawonso ali ndi rpoB, ndipo ndi amene makina a GeneXpert amafufuza m'makhololo a odwala TB.

Wofuna histidine ndiye wovuta, chifukwa chizindikiro chake n'kusamera. Chosamera simungachione, ndiye pamafunika njira ya replica plating (kudinda mabakiteriya kuchoka pa mbale imodzi kupita pa mbale zina), imene Joshua ndi Esther Lederberg anaifalitsa mu 1952.

Yambani ndi mbale ya chakudya chokwanira, koma sungunulani mabakiteriya kuti pamere timagulu (ma colony) 50 mpaka 150, tosakhudzana. Apa m'pamene tikuganiza kuti mwapunthwa. Tengani nsalu ya velvet, iphikeni mu autoclave (chophera tizilombo ndi nthunzi) pa madigiri 121 kwa mphindi 15, iume bwinobwino, muikunge pa kamtengo kozungulira kocheperako pang'ono kuposa mbale. Lembani kamzere m'mphepete mwa mbale zonse kuti muzidziwa kumtunda. Dindani mbale yoyamba pansaluyo mopepuka, kenako mbale ya minimal medium, yomwe ili ndi glucose ndi michere yosiyanasiyana basi, yopanda histidine. Malizani ndi mbale ina ya chakudya chokwanira. Yomalizayi ndi mboni yakuti kagulu kanasamukadi, osati nsalu inangokaphonya. Ikani pa madigiri 37. Pa minimal amakula pang'onopang'ono, choncho musaweruze asanathe maola 24 mpaka 48.

Kagulu kamene kamera pa chakudya chokwanira koma kosowa pa minimal, katoleni pa mbale yoyamba ija, mukayese pa minimal yothira histidine. Kakamera, mwamupeza. Kakapanda kumera, kakusowa chinthu china.

Zimene zimawononga ntchito: mbale yonyowa imapaka timagulu ngati phala. Kudinda mwamphamvu kumanyamula chakudya cha mbale yoyamba, ndipo wosinthika uja amamera pang'ono n'kukupusitsani. Timagulu tikathithikana, toyandikana timamudyetsa histidine.

Ngakhale mutadinda bwino, wosinthikayu ndi wosowa kwambiri moti mutha kumaliza mbale za labotale yonse osamuona. Muchulukitseni kaye ndi penicillin. Tsukani mabakiteriya, muwaike m'madzi a minimal opanda histidine, adikire pang'ono kuti histidine wotsala m'kati mwawo athe, kenako thirani penicillin kapena ampicillin. Mankhwalawa amapha okhawo amene akukula ndi kumanga khoma lawo. Wathu uja wangokhala phee chifukwa cha njala, ndiye amapulumuka. Musachulutse mabakiteriya m'botolo, poti akufawo akaphulika amatulutsa histidine, wosinthikayo n'kuyamba kukula, n'kufanso. Magetsi akathima pakati pa ntchitoyi, incubator (kabati yofunditsira mabakiteriya) imazizira, kukula kumachepa ndipo penicillin sapha mokwanira. Zikatero ingoyambiraninso. Mukamaliza, tsukani penicillin yense musanapake pa mbale yoyamba.