Kuyeza auxin: Salkowski ndi wa mabakiteriya, osati mizu ya chimanga

Achemwali, mwafunsa ngati mankhwala a Salkowski angakuthandizeni kuyeza auxin, homoni yothandiza zomera kukula, m'mizu ya chimanga chomwe munathira mabakiteriya a m'nthaka, popeza labotale yanu ili ndi spectrophotometer yokha, makina oyeza kuchuluka kwa kuwala komwe madzi a mtundu amayamwa. Musayese, chonde. Ine ndinataya miyezi iwiri pa zomwezi ndili pasukulu, ndipo sindifuna kuti inunso mudutse momwemo.

Salkowski ndi wabwino pa ntchito yake. Mabakiteriya akakulira m'msuzi wokhala ndi tryptophan (amino acid yemwe amapangira auxin) kwa masiku awiri kapena atatu, ena amatulutsa IAA (indole-3-acetic acid) wambiri, yemwe ndiye auxin wamkulu wa zomera. Muzunguze msuziwo mu centrifuge, mutenge madzi a pamwamba 1 ml, musakanize ndi 2 ml ya mankhwalawo, omwe amapangidwa ndi ferric chloride ndi perchloric acid monga anakonzera Gordon ndi Weber mu 1951. Muike mumdima kwa mphindi 30. Akasanduka ofiirira ngati pinki, muwerenge ndi spectrophotometer pa kuwala kwa 530 nm n'kufananiza ndi IAA weniweni yemwe mwasungunula pa milingo yodziwika. Samalani ndi asidiyo, amawotcha khungu kwambiri. Ndipo polemba lipoti nenani kuti mwayeza ma indole, chifukwa achibale a IAA monga indole pyruvic acid nawonso amasintha mtundu.

Mizu ndi nkhani ina. IAA wa m'thupi la chomera ndi wochepa zedi, timamuwerenga m'mananogalamu pa galamu imodzi ya mizu yaiwisi. Salkowski sangamuone pa mlingo umenewo. Chomwe makina adzakuwerengereni ndi utoto ndi zinthu zina za m'mizu, ndiye mudzakhala ndi manambala okongola koma opanda tanthauzo. Zimandipweteka ndikamaona ophunzira akuteteza manambala otere pamaso pa aphunzitsi, atagwira ntchito molimbika chotero.

Njira yeniyeni imayambira kumunda. Mizu ikangozulidwa iumitsidwe ndi kuzizira mu liquid nitrogen n'kusungidwa pa -80 °C, chifukwa IAA amawonongeka ndi kuwala, kutentha komanso mpweya. Apa ganizirani za magetsi athuwa: firiji ikazima usiku umodzi mizu n'kusungunuka, ntchito yonse yapita. Kenako mizu imaperedwa ikadali yozizira, kuviikidwa mu methanol wa 80%, n'kusefedwa pa kachubu koyeretsera kotchedwa C18. IAA akayeretsedwa choncho amayezedwa ndi makina olekanitsa ndi kuyeza mankhwala, monga HPLC, GC-MS kapena LC-MS/MS. Odziwa ntchito amathiramo IAA wokhala ndi kaboni 13 pachiyambi penipeni, kuti adziwe kuchuluka kwa yemwe watayika m'njira. ELISA, njira yoyezera ndi ma antibody, iliponso, koma nayo imafuna kuyeretsa komweko.

Ndiye mutani? Ine ndikanati mugawe ntchitoyi pawiri. Yezani ndi Salkowski zomwe mabakiteriya anu akutulutsa m'msuzi. Pa chimangacho yezani zomwe maso ndi sikelo zingatsimikize: kutalika kwa mizu, kuchuluka kwa mizu ya m'mbali, ndi kulemera kwake ikauma, poyerekeza ndi chimanga chosathira mabakiteriya. Musaziderere zimenezi. Frits Went, ku Utrecht m'zaka za m'ma 1920, ankayeza auxin popanda makina ngati athuwa. Ankadula nsonga za mbande za oats, kuziika pa tizidutswa ta agar (chinthu chonga jeli), kenako kukhazika kachidutswako mbali imodzi ya mbande yodulidwa nsonga n'kuyeza mmene yapindikira. Chomera chomwe ndicho chinali sikelo yake.

Ngati aphunzitsi anu akufunabe IAA wa m'mizu momwemo, kambiranani nawo musanabzale, apeze labotale yokhala ndi LC-MS/MS ndi njira yotumizira mizu isanasungunuke. Ndiuzeninso msuzi womwe mukukuliramo mabakiteriyawo ndi mlingo wa tryptophan womwe mwathira, tione limodzi mmene mungakonzere milingo yofananizira.