Yankho kwa a mlembi a ku Kasungu pa za inki yabuluu ya peni ya nibu

Bambo mlembi, mwati mwana wanu wakutumizirani peni ya nibu, ija yomwa inki, ndipo mukufuna muzilembera kaundula wa mpingo ndi mabuku a kalabu ya alimi. Mwafunsa inki yabuluu yoti mugule, poti m'sitolo ina pa boma anakupatsani kabotolo ka inki ya chidindo n'kunena kuti ndi yomweyo, komanso inki imene inabwera ndi peniyo ikumwazika pa kope.

Kabotolo ka chidindoko musakatsegule n'komwe. Inki ya chidindo ndi yolemera, anaipanga kuti isaume msanga pa kansalu konyikapo chidindo. Ya anthu ojambula, imene pa botolo amalemba India ink kapena drawing ink, ili ndi zomatira zimene zikauma zimalimba ngati vanishi. Ya mu printa nayonso ayi. Mukayang'ana kunsi kwa nibu muona kapulasitiki kakuda ka mano ngati chipeso. M'kati mwake muli kangalande kopyapyala ngati tsitsi, ndipo m'menemo ndi modutsa inki potsika, uku mpweya ukukwera kukalowa m'malo mwa inki imene yatuluka. Kangalandeko kakatsekeka ndi zomatira, madzi sachotsa, peni yatha. Gulani botolo lokhalo lolembedwa fountain pen ink.

Tsono inki yabuluu si imodzi. Pa ntchito yanu yofunika kuidziwa ndi mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake kumaonekera tsiku limene denga ladontha.

Woyamba ndi buluu wowala uja ambiri amamudziwa, wolembedwa Royal Blue kapena Washable Blue. M'gulu ili muli Pelikan 4001 Royal Blue, Parker Quink Washable Blue, Lamy Blue, Waterman Serenity Blue ndi Camlin Royal Blue ya ku India. Uwu ndi utoto wosungunuka m'madzi basi. Suvutitsa peni: ngakhale uumire m'kati, mukaviika m'madzi usiku umodzi umasungunuka. Pa zala umachoka ndi sopo, pa shati umachoka mukachapa msanga ndi madzi ozizira. Koma ubwino womwewo ndiye vuto lake pa pepala. Dontho limodzi la mvula likagwera pa dzina, dzinalo limasanduka chibanga. Tsamba likakhala poti dzuwa limafika, monga chidziwitso chokhoma pa bolodi kapena buku losiyidwa pa windo, zolemba zimafwifwa pang'onopang'ono mpaka kuvuta kuwerenga. Palinso mapeni ofufutira opangidwira inki imeneyi, amene amaizimitsa osasiya chizindikiro chooneka msanga. Kwa mwana wa sukulu zimenezo ndi zabwino, koma m'buku lolembamo ndalama za anthu sindingalole inki yotheka kufufutidwa chotero.

Wachiwiri ndi uja amalemba Blue-Black, makamaka wokhala ndi chimene amati iron gall. Muli chitsulo chosungunuka chosakaniza ndi madzi owawa ochokera ku zomera, kenako amathiramo utoto wabuluu kuti muziona zimene mukulemba. Polemba imatuluka yabuluu, mwina yotuwirako, koma ikakumana ndi mpweya imayamba kuda, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri imakhala yabuluu woderako. N'zofanana ndi momwe mpeni umadera mukasenda nthochi zaziwisi. Gawo lodalo silisungunukanso m'madzi, limakanirira mu ulusi wa pepala. Buku likanyowa, buluu wa pamwamba akhoza kuyenderera pang'ono, koma mayina ndi manambala amatsala owerengeka. N'chifukwa chake kuyambira kale makaundula a ubatizo, maukwati ndi a m'maofesi ankalembedwa ndi inki ya mtundu umenewu. Zodziwika m'gululi ndi Pelikan 4001 Blue-Black, Platinum Blue-Black, Rohrer & Klingner Salix, Diamine Registrar's ndi Hero 232 ya ku China.

Apa chenjerani, chifukwa si botolo lililonse lolembedwa Blue-Black limene lili ndi chitsulo chija. Parker Quink Blue-Black ya masiku ano ndi utoto chabe, dzinalo likungonena mtundu wake. Pilot Blue-Black ilibenso chitsulo koma imapirira madzi bwino ndithu. Choncho mawu a pa botolo, ngakhale akuti Permanent, musawakhulupirire musanayese. Lembani mizere itatu pa tsamba lomaliza la buku lomwe muzigwiritsalo, dikirani maola 24, kenako donthezanipo madzi n'kuwasiya mphindi imodzi musanapukute. Pa kapepala kena lembaninso, phimbani theka lake ndi katoni, ikani pa windo lolowa dzuwa kwa masabata awiri kapena atatu, kenako yerekezani mbali ziwirizo.

Kwa inu, poti peni ndi imodzi ndipo mabuku anu ndi oti adzawerengedwe ndi adzukulu, ndikuti gulani Blue-Black ya iron gall, ndipo mwa zonse ndatchulazi yoyambira nayo ndi Pelikan 4001 Blue-Black, chifukwa chitsulo chake si chambiri ndipo siivuta kusamala. Akafuna buluu wowala weniweni a komiti, Royal Blue akhale wa makalata ndi zokonzekera ulaliki, osati wa kaundula. Mukamatuma munthu ku Lilongwe, mutumizireni chithunzi cha botolo pa WhatsApp ndi dzina lonse, chifukwa mabotolo a kampani imodzi amafanana, amangosiyana mawu awiri pa chikwangwani.

Za kumwazika pa kope. Pepala la makope otchipa ndi lopyapyala ndipo silinakutidwe bwino pamwamba, ndiye limamwa inki ngati thonje. Mzere umatuluka timizu m'mbali, kuseri kwa tsamba n'kuoneka madontho. Zochepetsa vutoli ndi zitatu. Nibu ikhale yaing'ono: yang'anani chilembo chodindidwa pa nibuyo, EF ndi F ndi zoonda, M ndi yapakati, B ndi yonenepa. Pa kope wamba F ndiye malire, ndipo F ya mapeni a ku Japan ngati Pilot ndi Platinum imalemba moonda kuposa F ya ku Ulaya. Inki ikhale yosathamanga: za Pelikan 4001 ndi za iron gall zimatuluka pang'onopang'ono, n'chifukwa chake zimakhala bwino pa pepala loipa, pamene Waterman imatuluka yambiri, yokoma pa pepala labwino koma yovuta pa kope. Chachitatu ndi pepala lenilenilo. La fotokope lolembedwa 80 gsm pa rimu nthawi zambiri limapirira, ndipo pogula buku la chikuto cholimba pemphani muyese kachizindikiro pa tsamba lomaliza. M'dzinja pepala limakoka chinyezi ndipo kumwazika kumawonjezeka, choncho buku lizikhala m'pepala la pulasitiki m'kabati, osati pansi kapena motsamira khoma. Thukuta la dzanja nalonso limawononga tsamba, inki n'kumalumpha pamene dzanja linagona. M'miyezi yotentha ikani kapepala kena kunsi kwa dzanja polemba.

Musakanikize. Bolopeni inatizoloweza kudinikiza, koma nibu imalemba ndi kulemera kwa peni yokha. Mukakanikiza, timano tiwiri ta nibu timatanuka, inki imatuluka yambiri kapena kusiyiratu, ndipo kubwezeretsa n'kovuta. Pa chifukwa chomwechi, malisiti a kaboni lembani ndi bolopeni, nibu siidinda tsamba lapansi. Makadi onyezimira a satifiketi nawonso samwa inki, imangokhala pamwamba n'kufufutika ndi chala.

Kathiridwe kake kamadalira chimene chili m'kati mukamasula thupi la peni. Ngati muli kathanki koonekera kokhala ndi kogwirira kopotokola kumapeto, imeneyo ndi konivata. Potokolani mpaka kapisitoni katsike pansi, viikani nibu yonse m'botolo mpaka inki ikhudze poyambira pogwira zala, kenako potokolani mobweza pang'onopang'ono. Nibu ikangolowa theka mumakoka mpweya. Bwerezani kawiri kuti thovu lituluke, bwezerani madontho awiri kapena atatu m'botolo, pukutani nibu ndi kansalu kopanda ubweya. Ngati muli kathumba ka labala m'kachitsulo kofinya, monga mwa mapeni ambiri a Hero, finyani kanayi kapena kasanu nibu ili m'inki, n'kumadikira masekondi angapo pakati kuti kathumbako kadzaze.

Ngati ndi katiriji, kabotolo kakang'ono ka pulasitiki kobwera kale ndi inki m'kati, dziwani kuti makatiriji salowana onse. Parker, Lamy, Pilot, Platinum ndi Sailor aliyense ali ndi akeake, pamene Pelikan, Kaweco ndi ena ambiri amagwiritsa aja otchedwa standard international. Kukakamiza katiriji yolakwika kumathyola kamsonga koboolera. Katiriji yaifupi imanyamula pafupifupi 0.7 ml, ndipo konivata imakhalanso cha pomwepo. Botolo la Parker Quink ndi 57 ml, kutanthauza kuti mungadzaze peni ka 80 kapena kuposerapo pang'ono. Pelikan 4001 imabwera m'mabotolo a 30 ml ndi 62.5 ml, Waterman 50 ml. Ndiye botolo ndi lotchipa kutali poyerekeza ndi makatiriji. Katiriji yakutha musataye: gulani sirinji yatsopano ya 2 ml ku famase, kwechesani nsonga ya singano pa mwala kuti ibunthe, tsukani katirijiyo ndi madzi, n'kuthiramo inki kusiya kampata pang'ono pamwamba. Mukabwereza kangapo kamwa lake limakula n'kuyamba kudontha, pamenepo sinthani. Sirinjiyo ikhale ya inki yokha, kutali ndi ana.

Musanathire inki yatsopano, tsukani peni, ngakhale ikhale yatsopano, chifukwa mumatsalira timafuta ta kufakitale timene timapangitsa inki kudukiza. Madzi akhale ozizira kapena ofunda pang'ono, kapu imodzi ndi dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale. Kokani ndi kutulutsa mpaka madzi azituluka oyera, tsukuluzani ndi madzi opanda sopo, kenako imikani nibu pa kansalu usiku wonse kuti madzi atsike. Madzi otentha amapinda kapulasitiki ka kunsi kwa nibu. Spiriti, Jik, petulo ndi parafini zimadya pulasitiki ndi labala, zisayandikire. Ngati madzi a pa mjigo wanu ndi aja amasiya zoyera m'ketulo, kutsukuluza komaliza kukhale kwa madzi a mvula owiritsa n'kuzizira, kapena madzi aja amawonjezera m'batire ya galimoto. Ndikunena madzi olembedwa distilled water, osati asidi wa batire.

Inki ya iron gall ili ndi asidi pang'ono, ndiye imafuna mwambo. Peni yoilembera tsiku ndi tsiku itsukeni kamodzi pa mwezi. Mukadziwa kuti mukhala masabata awiri osalemba, ikhuthuleni n'kuitsuka musanaisunge. Ikaumira m'kati imasiya timiyala takuda tosasungunuka ndi madzi, ndipo nibu yachitsulo chotchipa imayamba dzimbiri. Zikatero viikani nibu ndi kapulasitiki kake m'madzi osakaniza ndi viniga woyera, gawo limodzi la viniga pa magawo khumi a madzi, kwa ola limodzi, kenako tsukuluzani kwambiri. Musasakanize inki ziwiri m'peni kapena m'botolo. Zina zikakumana zimaundana n'kukhala matope, makamaka iron gall ikakumana ndi inki ina, ndipo Noodler's Baystate Blue, ngakhale ili yowala mokopa, imadetsa peni ndipo siigwirizana ndi inki zina.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno kumabweretsa vuto lakelake. Inki ikatsala pang'ono, m'kathanki mumadzaza mpweya. Mpweyawo ukatenthedwa ndi dzanja kapena dzuwa umafufuma n'kukankha inki, ndiye mumangoona chidontho chagwera pa tsamba. Muzidzazanso peni inki ikatsala gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo m'thumba la shati nibu iziloza kumwamba. Pa kabaza kapena m'minibasi ikagona m'chikwama imakhutchumuka, inki n'kudzaza m'chivundikiro, choncho potsegula muzitsegula nibu ili m'mwamba n'kuyang'ana kaye. Pa miyezi ya fumbi nibu imauma msanga, ndiye pa msonkhano mukasiya kulemba kupitirira mphindi imodzi kapena ziwiri, vundikirani. Ikakana kuyamba, nyowetsani nsonga ndi dontho la madzi, osaigogoda pa tebulo.

Botolo lizikhala m'katoni yake, lotseka bwino, m'kabati mopanda dzuwa. Likasungidwa chotero limatha zaka. Mukaona zoyandama ngati ulusi, chuku pamwamba, kapena fungo lasintha, tayani lonse ndipo tsukani peni bwinobwino. Inki ya iron gall ikakalamba imatuwa ndipo pansi pamakhala zakuda. Musaikhutchumule kuti zisakanikirane, zimenezo ndi zomwe zimatseka peni. Pa ntchito ya mlembi mmodzi botolo la 30 ml ndi lokwanira kuyamba nalo, lidzatha lisanawonongeke.

Poyembekeza botololo, mukalemba tsamba muzidikira masekondi 20 kapena 30 kuti liume musanatseke buku, ndipo kaundula weniweni musayambe kumulemba ndi inki imene inabwera ndi peniyo mpaka itapambana mayeso a madzi aja. Tumizani pano zithunzi ziwiri, china cha nibu pafupi kuti chilembo chioneke, china cha peni itamasulidwa, kuti tikuuzeni katiriji kapena konivata yolowa m'menemo musanawononge ndalama.